Mtondo Udalira Katatu

Zuleka adakhala pamthunzi wa nkhokwe, lichero lili pamiyendo, akusankha timiyala mumpunga. Ankatola kamodzikamodzi n'kuponya pakati pa nkhuku, zimene zinkathamangirana kenako n'kubwerera zitagwira fuwa la moto. Manja ake adali olemera ndipo milomo idali itasweka. Anthu adali atasala masiku makumi awiri ndi asanu ndi anayi a mwezi wa Ramazani, ndipo chaka chimenecho kusala kudagwera pakati penipeni pa chilimwe, pamene mchenga umawotcha mapazi dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe.

"Kodi mpungawo ukusankha kapena ukuwerenga?" adafunsa a Tausi, akutuluka m'nyumba yophikira ndi dengu la mbatata. A Tausi adali mkazi wa bambo ake, amene adalowa pakhomopo mayi ake a Zuleka atamwalira. "Idi idzatipeza iwe uli pompo, lichero lili pamiyendo."

"Ndatsala pang'ono, amayi."

"Unatsala pang'ono m'mawa muja. Mawa ndi Idi, ndikukuuza ine. Msana wangawu sunama. Mwezi wathunthu kudzuka tambala asanalire, kuphikira anthu daku mumdima, maso akuyabwa ndi utsi. Ndatopa ine. Mwezi umenewo ukapanda kuoneka lero, ndikwera mumlambe ndikaukoke ndi ngowe."

Zuleka adamwetulira pang'ono. Iye ankadziwa kuti mawa si Idi.

Dzulo lake m'bandakucha, anthu atatha kudya daku, chakudya chotsekera kusala kusanayambe, n'kubwerera pamphasa, iye adapita kunyanja kukatunga madzi. Kum'mawa kudali kutayamba kufiira, ndipo pamwamba pa madzi adaona mwezi wakale, woonda ngati munga wa usipa koma wooneka bwinobwino. Adatula mtsuko, natambasula mkono kuyesa monga adamuphunzitsira bambo ake. Kuchokera pamadzi kufika pamwezi padalowa chikhatho chathunthu ndi zala ziwiri. Mwezi wakale ukaoneka pamwamba chotero, umasowa kaye usiku uwiri usanatulukire kumadzulo uli watsopano. Lamulo limeneli adalidziwa akadali kamtsikana. Lero sukadaoneka ayi. Mawa madzulo, Mulungu akalola.

Amene adayenera kumva zimenezi ndi bambo ake, Che Sidiki. Koma masiku khumi omaliza a Ramazani iwo ankagona kumzikiti pamodzi ndi akuluakulu anzawo, ndipo chakudya chinkawapeza komweko. Zuleka sadapeze mpata woonana nawo pa awiri, ndipo nkhani yakeyo siidali yotuma munthu.

Che Sidiki ndiwo ankaonera anthu mwezi. Kwa zaka zoposa makumi atatu, midzi ya Asilamu kuyambira ku Lifuwu mpaka ku Senga Bay siinkayamba kusala kapena kudya Idi isanamve kuti Che Sidiki anena chiyani. Anthu ankati Mulungu adawapatsa maso a nkhwazi. Adalibe ngalawa, adalibe ng'ombe, kuwerenga Chiarabu ankachita kudodoma, koma akafika pamaliro kapena paukwati anthu ankawapatsa mpando. Kenaka ng'ala idalowa m'diso lamanzere, ndipo patapita chaka idawolokera kulamanja. Tsopano ankangoona kuwala ndi mdima, ngati munthu woyang'ana kudzera m'nsalu yonyowa. Kwa anthu ankati maso a pafupi ndiwo afooka, a patali akadali akuthwa, ndipo anthu adavomera, ngakhale a Tausi amene. Mwana wawo wamwamuna, Jafali, adali kunkhondo ya Azungu. Pakhomo padatsala Zuleka, amene mwamuna wake adatchona ku Halale, ndipo iyeyo ndiye adasanduka maso a bambo ake.

Ntchitoyo idali ya tsiku ndi tsiku, ndipo palibe ankaiona. Nsapato zawo ankaziika malo amodzimodzi. Njira ya kumzikiti ankaisesa m'mamawa, kuchotsa mwala uliwonse ndi chikuni chilichonse. Mlendo akamabwera, iye ankafulumira kumulonjera mokweza, kumutchula dzina, kuti bambo ake adziwe womuyankha. Anthu ankadabwa kuti mkazi wofatsa chotere, wosatha kuyang'ana munthu kumaso, amakuwa bwanji polonjera.

Za mwezi adapangana chizindikiro. Amuna ankasonkhana pachulu cha kuseri kwa mzikiti, pamtunda woti mwala ungafike kuchokera pampanda wa nyumba yawo. Zuleka ankaima mkati mwa mpanda, pamene bango lidathyoka, n'kumayang'ana kumadzulo. Akauona mwezi ankagogoda mtondo wopanda kanthu katatu ndi munsi. Nthawi imeneyo palibe amasinja, aliyense amakhala pa chakudya, choncho phokosolo silikadasokonezeka ndi lina. Che Sidiki akamva ankakweza mkono kuloza pamwamba pa pomwe dzuwa lalowera, n'kufuula. Anthu akatsata chala chawo ankaupezadi mwezi uli pomwepo. Adachita zimenezi kasanu, ndipo kasanu konse zidayenda bwino.

"Odi kuno kwa anthu anjala!"

Adali a Wilisoni, Mkhristu wa ku Chitala amene adakwatira m'mudzimo ndipo ankagula nsomba zouma kukagulitsa ku Salima. Njinga m'mudzi monse idali yawo yokha, ndipo chaka ndi chaka ndiwo ankanyamula uthenga wa mwezi.

"Lowani, inu odya masana," adayankha a Tausi. "Mwabwera kudzatinunkhiritsa m'kamwa?"

"Ndabwera kudzakuuzani kuti hatchi yanga yakonzeka. Matayala ndapopa, nyali ndathira mafuta. Amwenye a m'masitolo ku Salima anandigwira malaya m'mawa, akuti sagona mpaka atamva za Che Sidiki. Ku Senga Bay mbuzi zili kale pazingwe. Ine changa ndi mbale ya mpunga ndi mwendo wa mbuzi, musaiwale."

"Mwendo wathunthu? Munasala nawo?"

"Ndasala kuposa inu, mayi. Mwezi wonse nsomba zanga masana akugula ndani?"

A Tausi adaseka mpaka kukhosomola. A Wilisoni adatembenukira kwa Zuleka.

"Nanga achemwali, inu mukuti bwanji? Uoneka lero?"

"Akaona ndi ababa," adayankha Zuleka, maso ali palichero.

Dzuwa litapendeka, a Tausi adabwera kudzatenga mtondo pomwe unkakhala, pafupi ndi bango lothyoka lija, nauguduza kupita nawo kukhomo la nyumba yophikira kuti akasinje mtedza wothira mufutali. Masiku ena Zuleka akadapeza chifukwa chowaletsera. Lero adangowayang'ana. Mtondo udalibe ntchito lero.

Dzuwa lidalowa kumanzere kwa mlambe, lofiira ngati khala chifukwa cha utsi wa tchire limene anthu ankatentha kumtunda. Kumzikiti kudamveka azana, mfuu yoitanira anthu kumapemphero. Zuleka adamwa madzi, nawamva akutsika pang'onopang'ono mpaka m'mimba, ndipo adadya kachidutswa ka mbatata. Kenako adapita pamalo ake paja. Ngakhale ankadziwa kuti kulibe kanthu, bambo ake adamuphunzitsa kuti tsiku limeneli munthu amayang'anabe, chifukwa mwezi ndi wa Mulungu, si wa wowerenga masiku.

Amuna adaswali mofulumira natuluka kupita pachulu. Adalipo ngati makumi atatu. Che Sidiki adakwera chulucho okha, mapazi awo akudziwa pomwe pali dzenje lililonse, mkanjo woyera ukuwalendewera m'thupi. Zuleka adaona kuti masiku khumi aja adawaondetsa kwambiri. Pambali pawo padaima Shehe Abasi, munthu wamfupi wolankhula modekha, amene ankatsogolera mapemphero m'mudzimo.

Zuleka adayang'ana monga adaphunzirira. Dzuwa polowa sadaliyang'ane, chifukwa limasiya banga lobiriwira m'maso limene limanamiza munthu. Adatambasula mkono, nayesa zala zinayi kuchokera pomwe dzuwa lidalowera, nayendetsa maso pang'onopang'ono kumanja, kubwerera kumanzere, kenako kukwera zala zina zinayi. Mwezi watsopano sausaka ngati singano, ankatero bambo ake. Umangotsegula maso n'kuulola kuti ukupeze. Kumwamba kudali kofiira m'munsi, kotuwa pakati, ndipo kudalibe kanthu. Patapita nthawi idatuluka nyenyezi yowala ija imene anthu amati mkazi wa mwezi, ili pamwamba ndithu.

"Mkazi uja wafika!" adafuula Omari, msodzi wa thupi lalikulu amene kusala kunkamuvuta kuposa aliyense. "Ndiye kuti mwamuna ali m'njira."

"Mkazi wako akafika kuchitsime iwe umakhala uli m'njira?" adafunsa a Wilisoni, atatsamira njinga. "Umakhala uli mtulo."

Anthu adaseka, koma kuseka kwa anthu otopa.

"Chete," adatero Shehe Abasi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kufiira kuja kudayamba kuzilala. Zuleka adadziwa kuti kwatsala kanthawi kochepa, kenako amuna atsika, aliyense apite kwawo, ndipo mawa asalanso. Adayamba kuganiza za nkhuni za daku, ngati zikwane.

Gu! Gu! Gu!

Adatembenuka. Pakhomo la nyumba yophikira a Tausi adali atapendeketsa mtondo, munsi uli m'manja, akugwetsa nsinjiro zimene zidamatirira pansi.

"Ndiutsuke lero lomwe," adatero a Tausi. "Mwezi ukaoneka tisinjiramo ufa wa zitumbuwa. Ukundiyang'ana chiyani?"

Zuleka adacheuka msanga. Pachulu mkono wa bambo ake udali utakwera kale.

"Allahu Akbar! Uwo! Mwezi uwo!"

Mawuwo adali amphamvu, a munthu wosakayika. M'mipanda yonse mudabuka nthungululu. A Tausi adaponya munsi pansi nayamba kuvina, dzanja lili pamsana. Ana adathamanga uku ndi uku akukuwa kuti Idi, Idi, ndipo kwinakwake mbuzi idayamba kulira ikukokedwa.

"Ndinanena ine! Iwe Zuleka, mpunga uja! Wangoti chilili bwanji ngati mtengo?" adafuula a Tausi.

Pachulu amuna adaunjikana kumbuyo kwa Che Sidiki, aliyense akuyesa kutsata chala chawo. Zaka zonse pankangopita kamphindi, wina n'kufuula kuti wauona, kenako wina, mpaka onse. Lero kamphindiko kadatalika. Ena adaphimba diso limodzi. Ena adanjuta, ena adasendera kumbali.

"Pati, Che Sidiki?"

"Apo. Pamwamba pa pomwe lalowera dzuwa. Yang'anitsitsani."

"Ndi utsiwu," wina adatero. "Maso athuwa ndi a nkhuku. Iwo ngati awona, awona."

Shehe Abasi adayang'ana nthawi yaitali, kenako adatsitsa maso napukuta misozi ndi nsonga ya chilemba chawo.

"Che Sidiki, mawu anu sitinawakayikepo," adatero. "Koma mukudziwa kuti mwezi wa Idi umafuna mboni ziwiri. Zaka zonse sitinavutikepo, chifukwa mukaloza timaona tonse. Lero ndikufunsa: alipo wina wauona?"

Omari adakhosomola.

"Ine ndikuona ngati ndauona."

"Ngati?"

"Ndauona, Shehe. Kanthu koyera, kopindika. Kanali apo, kenako utsi wakaphimba."

"Nyanga zake zinaloza kuti?"

Omari adakweza zala ziwiri, nazipendeketsa uku, kenako uko. "Chonchi. Kapena chonchi pang'ono."

"Ameneyu waona mwendo wa mbuzi," adatero a Wilisoni. Ena adaseka, ena adakwiya.

"Inu a Wilisoni, za Chisilamu zikukukhudzani pati? Kwerani njinga!" adakalipa wina.

"Ine ndikwera Shehe akanena. Sindikufuna kukhala kandimverere."

Shehe Abasi adasisita ndevu. Adali munthu wosakonda mikangano, ndipo naye adali wotopa.

"Chabwino," adatero. "Tichita mwa lamulo. Bweretsani Buku. Awiriwa alumbire pamaso pa Mulungu kuti auona ndi maso awo, ndipo a Wilisoni anyamuke. Koma mudziwe kuti ngati mawa likadali tsiku la Ramazani, anthu a midzi yonseyi adzadya osadziwa, ndipo mlandu wa tsikulo udzakhala pamutu pa amene walumbira."

Munthu wina adathamangira kumzikiti.

Zuleka adamva mawu onsewo ali pampanda. Adayang'ana kumadzulo kachiwiri, mwina kapena Mulungu achita chodabwitsa, koma kudali nyenyezi ija yokha ndi ina iwiri ing'onoing'ono imene idali itangotuluka. Adatenga chikho, natunga madzi mumtsuko, nafunda nsalu kumutu, natuluka. Sadapondepo pachulu chimenecho amuna ali pomwepo chibadwire. Amuna adamupatukira, poganiza kuti watumidwa. Adagwada pafupi ndi bambo ake, nawagwiritsa chikho m'manja.

"Ababa, madzi," adatero mokweza. Kenako motsitsa, kuti amve iwo okha: "Sindine ndagogoda. Ndi amayi, amagwetsa nsinjiro. Mwezi kulibe. Wakale ndinauona dzulo m'mawa, chikhatho ndi zala ziwiri."

Chikho chidapendeka ndipo madzi adatayikira pamkanjo. Che Sidiki sadamwe. Nkhope yawo idaloza kumadzulo, maso otuwa aja ali chitsegukire.

"Chikhatho ndi zala ziwiri," adabwereza chapansipansi.

"Inde, ababa."

Kumbuyo kwawo nthungululu zinkapitirira, ndipo wina adali atayamba kuyesa ng'oma.

"Madzi akatayika saoleka, mwanawe," adanong'ona. "Ndanena kale pamaso pa anthu. Ndibweze bwanji? Ndinene kuti ndinamva mtondo?"

"Nenani kuti utsi wakunamizani."

"Adzafunsa kuti utsi wanamiza bwanji nkhwazi. Abasi si mwana, adzandiyesa. Adzakweza zala n'kundifunsa kuti ndi zingati." Adapuma mozama. "Ndi tsiku limodzi lokha. Ndidzalibweza, ndidzasala masiku makumi asanu ndi limodzi. Mulungu amadziwa mtima wa munthu. Pita kunyumba."

"Ababa..."

"Ndati pita kunyumba."

Zuleka adalandira chikho naimirira. Chibadwire sadawayankhepo bambo ake kawiri. Adatsika chulu, mapazi akuterera padothi louma, ndipo pansi adakumana ndi munthu uja akubwera ndi Buku lokulungidwa m'nsalu yobiriwira, atalinyamula ndi manja awiri. Adamupatukira. A Wilisoni adali atayatsa nyali n'kuimangirira kutsogolo kwa njinga, phazi limodzi lili kale pachopalasira.

Adayenda mapazi khumi kulowera kunyumba. Adaganiza za mawa. Bambo ake adzavala mkanjo wochapa, adzakhala pampando, anthu adzabwera kudzawagwira dzanja, ndipo iye adzaima pakhomo kumalonjera aliyense mokweza, kumutchula dzina. Madzulo ake mwezi udzatuluka woonda, wa tsiku limodzi, ndipo aliyense wodziwa kuyang'ana adzaona kuti ndi wa tsiku limodzi. Anthu sadzanena kanthu pamaso pawo. Adzanenera kumbali, m'ngalawa ndi kuchitsime. Ndipo bambo ake, amene adatsala ndi zaka zowerengeka, adzalowa m'manda ndi lumbiro limenelo.

Adaima.

"Omari, yamba iwe," adamveka Shehe Abasi. "Wasamba?"

"Ayambe akuluakulu, Shehe. Ine ndibwera pambuyo."

"Chabwino. Che Sidiki, tambasulani dzanja."

"Shehe!"

Mawuwo adatuluka aakulu kuposa mmene Zuleka ankafunira, mawu ake olonjerera alendo aja. Amuna onse adatembenuka. Iye adabwerera mpaka patsinde pa chulu, nagwada, chikho chili m'manja.

"Pepani, Shehe. Pepani, akuluakulu nonse. Ndili ndi mawu."

"Mwana wa Che Sidiki," adatero Shehe modabwa. "Mawu ako sangadikire?"

"Sangadikire. Ababa asagwire Bukulo."

"Zuleka!" adatero Che Sidiki.

"Azimayi kumphika!" adafuula Omari. "Za mwezi zayamba liti kukhala za azimayi?"

"Musiyeni," adatero Shehe. "Lankhula, mwanawe."

Zuleka adayang'ana pansi. Adayamba motsitsa, koma atayamba sadathenso kuleka.

"Mwezi lero kulibe. Wakale ndinauona dzulo m'bandakucha pamwamba pa nyanja, ukadali pamwamba chikhatho ndi zala ziwiri. Asodzi amene anali pamadzi anauona, afunseni. Sungatulukire kuno lero. A Omari sanaone kanthu, ndipo ababa sanaone kanthu." Adakweza maso. "Ababa saona. Chino ndi chaka chachitatu. Amene ndimaona mwezi ndine, ndili kuseri kwa mpanda uwo. Ndikauona ndimagogoda mtondo katatu, iwo n'kuloza. Lero mtondo wagogodedwa ndi amayi, osadziwa kanthu, akuchotsa nsinjiro. Ababa anakhulupirira kuti ndine. Pofuula paja sananame. Koma akagwira Bukulo ndiye kuti anama, chifukwa tsopano akudziwa."

Kumipanda nthungululu zidayamba kuzima, nyumba ndi nyumba, pamene mawu ankafalikira. A Tausi adali atafika pafupi, manja ali pakamwa. Omari adasendera pang'onopang'ono kumbuyo kwa anzake.

Shehe Abasi adalikulunganso Buku m'nsalu yake.

"Che Sidiki," adatero mofatsa, "ndi zoona?"

Mkuluyo adaima nthawi yaitali, dzanja limene adatambasula lija likadali m'mwamba, lopanda chogwira. Kenako adalitsitsa.

"Lamulo la usiku uwiri ndinamuphunzitsa ndine," adatero. "Sanalakwitse."

A Wilisoni adawerama nazimitsa nyali.

"Ndiye kuti mawa tisala," adatero Shehe. "Tikwanitsa makumi atatu. Pitani mukauze akunyumba amasule mbuzi."

Amuna adayamba kutsika mmodzimmodzi, osalankhula zambiri. Ena podutsa adati, "Mugone bwino, Che Sidiki," monga mwa masiku onse, ena adangodutsa. Mdima udali utagwira ndithu, ndipo nyenyezi zidadzaza kumwamba konse. Pachulu padatsala mkuluyo yekha. Adayesa kutsika, koma phazi lidaphonya dzenje limene ankalidziwa bwino, ndipo adadzandira. Zuleka adakwera nawagwira mkono.

"Wandivula pagulu," adatero Che Sidiki. Mawu awo adalibe ukali, adali ongotopa.

"Inde, ababa."

"Ukanandisiya. Linali tsiku limodzi."

Adatsika pamodzi pang'onopang'ono. Aka kadali koyamba kuti Zuleka awagwire mkono panja, anthu akuona. Udali wopepuka ngati bango. Atafika pansi iye adaima, osausiya.

"Silinali tsiku limodzi, ababa. Zakhala zaka zitatu. Ndatopa kusesa njira mumdima kuti anthu asandione. Ndatopa kukuwa mayina a anthu ngati wamisala. Usiku uliwonse ndimagona ndikuopa kuti mawa mugwa pagulu, kapena mupatsa moni chitsa. Kukuonerani sindinatope nako, ndipo sindidzatopa nako. Chimene ndatopa nacho ndi kubisala. Mawa dzuwa likamalowa ndidzakutengani chonchi, tidzabwera pano, ndidzaima pambali panu. Ndikauona ndidzakuuzani ndi pakamwa, ndipo amene akufuna kuseka adzaseke."

Che Sidiki mkono sadauchotse.